Thumba la Chingwe Chakuda

Zaina anali atazira theka la khonde pamene Gladys anatulukira kuseri kwa nkhokwe, ambulera ili paphewa, ngakhale kunalibe mvula kapena dzuwa loti munthu n'kuthawa. Linali Lolemba. Loweruka lake amalume a Elliam ankayembekezeka kuchokera ku Ngokwe kudzafunsira mbeta, ndipo mayi ake a Zaina, Abiti Hamadi, anali atanenetsa kuti alendo sangakhale pakhonde long'aluka ngati chidendene.

"Odi kuno, akwati!" anatero Gladys.

Zaina sanadzuke. Manja ake anali bii ndi dothi la kudambo mpaka m'zigongono. Gladys anali mwana wa a Wadson, eni golosale ya pamsewu pa Phalula, komwe Elliam, mlangizi wa ziweto, ankasunga matumba a ntchito yake m'chipinda cha kuseri. Mudzi wonse unkadziwa kuti chaka chapitacho Gladys anamulukira Elliam juzi, ndipo juziyo inabwezedwa isanavalidwe.

"Ndamva za mbuzi yako, ndati ndidzapepese. Si ija ya mawanga ija, anakusiyira malemu bambo ako?"

"Inafa Lachinayi. Zikomo mwapepesa. Muyende bwino."

"Iii, kuthamangitsa mlendo asanapinde n'komwe ambulera! Kwathu ndiye sinafe ndi imodzi yomwe. Komanso n'kudabwa chiyani? Ife thumba lathu ndi la chingwe chofiira."

Dzanja la Zaina linaima pamwala wozirira.

Nkhani ya matumbayi inayamba mvula itangogwa. Dzinja likafika anthu amamangirira mbuzi pazikhomo kuti zisalowe m'chimanga, ndipo mbuzi ikamadya pomwe ikuchitiranso ndowe, njoka za m'mimba zimaimaliza. Chaka chimenecho anthu ofufuza za ulimi anabwera ndi nzeru yachilendo: chuku china cha m'nthaka, choumitsa, chopera, chosakaniza m'madeya. Mbuzi ikadya, chukucho chimatuluka ndi ndowe, n'kumera momwemo, n'kumakola tiana ta njoka tisanakwere paudzu. Mabanja khumi ndi awiri analembedwa. Anatola timapepala m'chipewa cha bwana wa Elliam, ena n'kulandira matumba a chingwe chofiira, ena a chingwe chakuda. Poyang'ana ndi maso madeya onse anali ofanana. Za zingwezo palibe anafunsa. Anthu anangosenza matumba n'kumapita.

"Chingwe chatani?" anafunsa Zaina.

"Sanakuuze? Koma amuna! Pepala lake ndinaliona ndi maso angawa, analiiwala patebulo pathu atamwa tiyi. Chofiira, muli chuku. Chakuda, madeya okha. Madeya a m'chigayo, mnzanga, omwe amayi ako amawazira nkhuku. Akuti amafuna aone kuti mbuzi zopanda mankhwala zifa zingati." Gladys anatembenuza ambulera yake pang'onopang'ono. "Ine sindikunena kanthu. Koma mwamuna mankhwala amapereka kunyumba iti, madeya kunyumba iti, udzifunse wekha. Uzire bwino. Pakonapo wasiya mpata."

*

Abiti Hamadi anabwera kumunda atasenza mtolo wa udzu wa mbuzi, n'kupeza dothi lauma m'chidebe, mwana wawo ali zyoli pamtondo.

"Khondeli likuzira lokha?"

Zaina anafotokoza zonse, mawu akuthamangitsana. Mayiwo anatula mtolo, n'kudzitikita pakhosi.

"Wamva kwa ndani?"

"Gladys."

"Ndiye iwe dothi lija ndinakakumba dzulo msana uli phwee, waliumitsa chifukwa cha pakamwa pa Gladys?"

"Amayi, mbuzi ya ababa inafa! Munaiona. Kutupa pansi pa chibwano, m'maso mwayera ngati ufa. Inafa yokha, osapezeka ndi wozinga yemwe, nyama yonse ija haramu, tinakwirira ngati galu. Ndipo iye anaima pomwepo, khasu lili m'manja, kutithandiza kukumba, nkhope ili yachisoni. Akudziwa kuti watipatsa gaga!"

"Nanga timbuzi tiwiri tija tinabadwa mu Disembala, wationa mmene tanenepera? Chaka chatha nthawi ngati ino tinali titataya tinayi. Ine za mapepala sindidziwa. Munthuyo pakamwa ali napo, kamufunse. Ukamaliza udzazire."

Zaina sanamve za timbuzito. Mutu wake unali kwina. Ankakumbukira tsiku limene Elliam anamuitanira mu ofesi yake yaing'ono ya ku dibi, kosambitsira ng'ombe, n'kumuuza kuti atseke diso limodzi, ayang'ane m'makina oonera tinthu tosaoneka ndi maso. Poyamba sanaone kanthu. Kenako anaona kanyongolotsi koyera ngati ulusi kakuphiriphitha, katakoledwa m'timakhwekhwe ta chuku, timodzi m'khosi, tina m'chiuno. Anakuwa, Elliam n'kuseka.

"Chikagwira sichitaya," anatero tsiku limenelo. "Ngati ine."

Zaina anali ataseka nawo, n'kubisa nkhope mumpango. Lero akuona kuti amene ankaphiriphitha m'makinamo anali iyeyo.

*

Lachiwiri linali tsiku losambitsa ng'ombe. Ku dibi kunali fumbi losakanizika ndi matope, zikwapu, amuna akukuwizana. A Wadson anali atatsamira mpanda pafupi ndi Elliam, akuwerenga ng'ombe zawo pamene zinkalumphira m'madzi. Zaina anadutsa pakati pa amuna onsewo osagwada, osapereka moni.

"Bambo mlangizi, ndili ndi funso."

Elliam anatembenuka akumwetulira, koma ataona nkhope yake kumwetulirako kunazima. "Zaina, kwagwanji? Bambo mlangizi ndiye ndani?"

"Papepala lanu, chingwe chakuda ndi chiyani?"

Elliam anayang'ana a Wadson, n'kuyang'ananso Zaina. "Pano iyayi. Ndibwera kunyumba tikambirane."

"Pompano. Palembedwa kuti madeya okha, inde kapena iyayi?"

"Zaina, chonde."

"Inde kapena iyayi?"

"Papepala palembedwa choncho, inde. Koma tamvera..."

Sanadikire. Padzanja pake panali wotchi yaing'ono ya lamba wofiirira, chikole chimene Elliam anamupatsa pamaso pa Abiti Hamadi mwezi wa Okutobala. Anaimasula mosafulumira, kuti aliyense aone. Anaigwira m'mwamba ndi zala ziwiri, n'kuisiya igwere m'madzi akuda a m'dibi. Chubwi! Ng'ombe yotsatira inalumphira pomwepo.

"Isambe nayo," anatero. "Mwina ili ndi nkhupakupa."

Amuna anafa nacho chikhakhali. Elliam sanaseke, sanatukwane. Anangoima, buku lake lili m'manja. Zimenezi ndi zimene zinamupweteka Zaina kwambiri pobwerera: munthu uja sanagwe. Iye ankafuna amuone atagwa.

*

M'mawa mwake Abiti Hamadi anabwera kuchokera kumjigo ndi kalata m'mphepete mwa nsalu.

"Elliam wandiimitsa panjira, akuti uwerenge uli wekha, ukatha uitenthe. Munthu wake maso ali psuu. Tawerenga, ine chidebe chikundidikira."

Zaina anailandira, n'kuisomeka kudenga la khonde, pakati pa udzu ndi nsungwi, kenako n'kusenza thumba la chingwe chakuda lija.

"Mabodza apakamwa ndamva okwanira. Apapepala akhale pomwepo, chiswe chiwerenge."

"Ndikanadziwa kuwerenga bwenzi nditakuwerengera mokweza mpaka m'makutumo mutseguke. Ukupita kuti ndi thumbalo?"

"Kwa amjomba."

Abiti Hamadi anatula chidebe. "Iwe Zaina. Nkhani ya m'nyumba ukaipereka kwa achimwene anga siibwerera momwe inapitira. Ukuwadziwa."

Ankawadziwa, n'chifukwa chake ankapitako. Che Sidik, mlongo wawo wa Abiti Hamadi, ndiwo anali ndi mawu omaliza pa ukwati wa Zaina, ndipo chiyambire sanamufune Elliam. Mkhristu, wa buluku losita, wodya ndi supuni. Anavomera monyinyirika mlongo wawo atawaumiriza miyezi itatu. Komanso Che Sidik anali wapampando wa nthambi ya chipani m'mudzimo. Akalemba kalata, kalatayo inkayenda.

Anawapeza pakhonde akusoka mphasa. Anamvetsera nkhani yonse osadula, kenako anavula chisoti chawo choyera, n'kuchiyang'ana m'kati ngati muli yankho.

"Walahi, ndinanena ine. Amayi ako ankati ndine wouma mtima. Lero mbuzi ya malemu ili m'dzenje." Anakhudza thumbalo ndi chala cha kumwendo. "Ukufuna ndichite chiyani, mwana wa mlongo wanga?"

"Ndikufuna achite manyazi pamaso pa anthu monga ndachitira ine. Aliyense adziwe kuti mankhwala a boma akugawa poyang'ana nkhope za atsikana."

"Bwana wake akubwera mawa kudzatenga ndowe za mbuzi zokayeza zija. Ubwere ndi thumbali. Uyankhule wekha, ine ndidzangothira mchere."

*

Lachinayi Landirova itaima pa dibi, bwanayo anapeza mabanja onse khumi ndi awiri atakhala pansi pa mtengo wa mtangatanga, Che Sidik ali pampando, baji ya chipani ikuwala pachifuwa. Gladys anali kumbuyo kwa amayi, ambulera ili pamiyendo.

Zaina anaimirira. Mawu anatuluka osapindika. Ananena za mbuzi ya bambo ake, za dzenje, za zingwe. Atatchula kuti chakuda ndi madeya okha, mabanja asanu ena a chingwe chakuda anayamba kung'ung'udza. Pomaliza analoza Elliam.

"Uyu ankadya m'nyumba mwathu. Amayi anga ankamuphera nkhuku. Chuku ankapereka kumene amamwa tiyi."

Bwanayo, munthu wamfupi wa magalasi, anayesa kufotokoza. Anati kafukufuku amayenda choncho, kuti popanda mbuzi zodya madeya okha palibe angadziwe ngati chukucho chikugwira ntchito. Anati mlangizi sanasankhe munthu, anasankha ndi mayere a m'chipewa, onse anaona.

"Ndiye mukuvomera," anatero Che Sidik mofatsa, "kuti mwabwera m'dzina la boma kudzanamiza anthu a m'mudzi muno? Ndifunse bwino, kuti polemba ndisalakwitse."

Bwanayo anavula magalasi, n'kuwapukuta ndi tayi.

"Iyayi, a wapampando, tisafike kumeneko. Tichite chonchi. Nditapa madeya m'thumba la mayiwa, nditapanso m'thumba la a Wadson. Tikawaika m'mbale zathu, pakatha sabata chuku chimamera pomwe chilipo. Lachinayi likudzali ndibwera ndi mbalezo muone nokha kuti aliyense analandira zimene mayere anamupatsa, mlangizi sanakondere munthu. Tikatero onse a chingwe chakuda tidzawapatsa mankhwala omwetsa mbuzi, aulere."

"Bwana," anatero Elliam, mawu ali pansi, "palibe chifukwa chotapira."

"Mukuopa chiyani, bambo mlangizi?" anafunsa Zaina.

Apo ndiye anamuona atagwa. Nkhope ya Elliam inachita ngati yawazidwa phulusa. Anayang'ana bwana wake akutapa madeya m'timabotolo tiwiri, kulemba mayina, kutseka. Zaina anamva kukoma kutsika kukhosi ngati madzi a mumtsuko tsiku lotentha. Pochoka anakumana maso ndi Gladys. Gladys ankamwetulira kuposa iye, ndipo zimenezo zinamudabwitsa pang'ono, koma sanaziganizire.

*

Lachisanu amuna atabwerako ku mzikiti, njinga inaima pabwalo. Linali tsiku logawa matumba atsopano. Elliam anamasula thumba pakaliyala, la chingwe chakuda, n'kuliika pansi pa khonde, mbali yosazira. Abiti Hamadi anali pambali akusadzula nkhwani. Sanachoke.

"Kalata yanga unawerenga?"

"Ili apo," anatero Zaina, akuloza kudenga ndi mlomo.

Elliam anaiyang'ana kalatayo, yosatsegula, nsonga yake itanyowa. Anapuma mozama, n'kukhala pachitsa.

"Tsiku la mayere, utatola chakuda, ndinalephera kudya. Mbuzi zanu ndi zisanu ndi imodzi, ndiye munda wanu, ndiye banki yanu. A Wadson ali ndi makumi awiri, ndipo mankhwala omwetsa amagula okha mwezi ndi mwezi. Ndiye ndinalowa m'chipinda chija n'kumasula zingwe. Chofiira ndinamanga pa madeya okha, kupereka kwa a Wadson. Chakuda ndinamanga pa chuku. Kuyambira Novembala, thumba lililonse lolowa pakhomo pano linali la chuku, Zaina. Ili lomwe lino."

Zaina anamva ngati pansi papendekeka. "Bodza. Nanga mbuzi ya ababa?"

"Ndinakuuza tsiku lija unkayang'ana m'makina. Chuku sichipha njoka zimene zili kale m'mimba, chimakola ana ake m'ndowe kuti asabwerere. Mbuzi ija inali yokalamba, inali itadzaza kale. Ndinaimwetsa mankhwala kawiri, unaigwira miyendo ndiwe. Koma tiana tija tadwala?"

"Ndinanena ine za timbuzito," anatero Abiti Hamadi osadzutsa mutu. "Koma pano amamvera wa ambulera."

"Bwanji simunandiuze ku dibi?" Mawu a Zaina anali atachepa.

"A Wadson ali pambali panga? Ndinene kuti bambo, mbuzi zanu ndakhala ndikuzidyetsa gaga miyezi itatu? Ndinakupempha kuti ndibwere kunyumba. Unandiyankha ndi wotchi."

Zaina anakhala pansi, padothi pomwepo.

"Lachinayi mbale zija zikabwera," anapitiriza Elliam, "ya dzina lako idzamera chuku, ya a Wadson idzakhala mbee. Kafukufuku wa chaka chonse ndaononga ndine. Ntchito ndiye yatha kale, imeneyo sindikuiwerengera. Koma amjomba ako cholembera chili m'manja. Akalemba kuti mlangizi akusokoneza dala ntchito ya boma, ukudziwa kuti anthu otere amakwera galimoto yanji, ndipo kwawo amamva liti."

"Ndipita kwa amjomba. Ndikagwada. Ndikanena kuti ndinanama."

"Mabotolo ali kale m'manja mwa bwana. Chuku sichimva kupepesa."

Nkhuku inadutsa pakati pawo, n'kujompha thumbalo. Palibe anaiingitsa.

"Gladys anaona pepala lokha," anatero Zaina, ngati akudziyankhula. "Sankadziwa."

Elliam anaseka kuseka kopanda mano. "Gladys anandipeza ndikumasula zingwe mu Januwale. Anaima pakhomo mpaka ndinamaliza. Anandiuza kuti akhala chete ndikabweza mawu kwa amayi ako. Ndinakana. Akanakanena yekha kwa bwana, bwenzi ine ndikudana naye moyo wonse. Ndiye anafuna pakamwa pa munthu wina."

Zaina anayang'ana manja ake. Anakumbukira ambulera ija ikutembenuka pang'onopang'ono, ndi kumwetulira kuja pansi pa mtangatanga. Ukali umene unamuyendetsa masiku anayi sunathe. Unangotembenuka, ngati galu amene wazindikira kuti wakhala akuuwa pakhomo lolakwika.

"Sizinathere pomwepo," anatero Elliam ataimirira. "M'mawa uno wandidikira pagolosale. Akuti bambo ake akhoza kuuza bwana kuti zingwe anasokoneza ndi iwowo, matumba atamasuka posuntha katundu m'chipindamo. Bwana akhoza kukhulupirira, amjomba ako sangalimbane ndi a Wadson. Ine n'kupulumuka."

"Ndiye anene!"

"Akuti bambo ake sangadziipitsire dzina chifukwa cha mkamwini wa eni. Wa m'nyumba mwawo, akhoza."

Abiti Hamadi anasiya nkhwani.

"Mwamuyankha chiyani?" anafunsa Zaina.

"Sindinamuyankhe."

"Elliam, mwamuyankha chiyani?"

"Ndati sindinamuyankhe. Wandipatsa mpaka Lachitatu." Anagwira njinga yake n'kuitembenuza. "Amalume anyamuka kale ku Ngokwe, agona pa Liwonde. Mawa basi yoyamba ikafika ndikawachingamira pamsewu. Kumene ndikalowe nawo sindikudziwa, Zaina. Lolemba ndinkadziwa." Analoza thumba lija. "Chikho chimodzi m'mawa uliwonse, monga kale. Mbuzi sizinalakwe."

Anakwera n'kumapita, osacheuka.

Zaina anaimirira n'kusolola kalata ija kudenga. Inali ya mizere inayi yokha. Mzere womaliza unkati: "Chilichonse ungandichite, thumba lokhalo lisafike m'manja mwa bwana." Anaipinda kanayi, n'kuilowetsa pachifuwa.

Abiti Hamadi anadzuka mawondo akulira. Anatenga chikho, n'kuthira madzi m'chidebe cha dothi louma lija, n'kuchikankhira kwa mwana wawo ndi phazi.

"Amayi, mwina sabwera n'komwe."

"Akabwera akhale pa ming'alu? Kulira ulira manja akugwira ntchito."

Zaina anagwada pomwe anasiyira Lolemba, pamzere wolekanitsa dothi lakuda ndi lotuwa. Anakanya dothilo mpaka linafewa, n'kulimata pansi, n'kuyamba kulikhwekhwereza ndi mwala mwamphamvu kuposa mmene khonde limafunira. Anazira chikhatho chimodzi, ziwiri, zitatu. Kenako dzanja linaima.

"Amayi, Gladys amapita kumjigo nthawi yanji?"

"Zira kaye," anatero Abiti Hamadi. "Pakonapo pakadali mpata."